Mabwinja ndi malinga akale ozungulira tawuni ya Harrogate

Harrogate ndi tawuni ya m'chigawo cha North Yorkshire, kumpoto kwa England, yomwe idatchuka chifukwa cha akasupe a madzi amene anthu ankakhulupirira kuti amachiza matenda. Kutchukaku kudayamba mu 1571 pomwe William Slingsby adalawa madzi a pakasupe wa Tewit Well n'kuona kuti akufanana ndi a ku Spa, tawuni yomwe lero ili m'dziko la Belgium. Akasupe ena a m'tawunimu ali ndi sulufule ndipo madzi ake amanunkha ngati dzira lovunda, komabe anthu olemera ankabwera kuchokera kutali kudzawamwa ndi kusambamo. Nyumba ya Royal Pump Room, yomwe idamangidwa mu 1842, tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale, pomwe mabafa a Turkish Baths a mu 1897 akugwirabe ntchito.

Tawuniyi payokha si yakale kwenikweni. Zamakedzana zili m'madera oizungulira, ndipo mlendo wokhala ndi tsiku limodzi lokha ayenera kusankha bwino kopita.

Malo oyenera kuyambira ndi Fountains Abbey, mabwinja a nyumba ya amonke omwe ali makilomita pafupifupi 5 kuchokera mumzinda wa Ripon. Mu 1132, amonke 13 adachoka ku St Mary's Abbey mumzinda wa York atasemphana ndi anzawo, podandaula kuti moyo wa kumeneko udafewa ndipo malamulo sankatsatidwanso. Arkiepiskopi Thurstan adawapatsa malo m'chigwa cha mtsinje wa Skell, komwe adayamba moyo waumphawi womwe ankaufunawo m'kati mwa nyengo yachisanu. Patangopita zaka zochepa adalowa m'chipani cha amonke a Cistercian.

Umphawiwo sudakhalitse. Anthu adawapatsa minda, nkhosa zidaswana, ndipo ubweya wake unkagulidwa ndi amalonda ochokera ku Flanders ndi Italy. Ntchito zambiri zamanja zinkagwiridwa ndi abale osadzozedwa omwe ankagona ndi kudyera mbali yawoyawo ya nyumbayi, kuti amonke enawo apeze nthawi yopemphera ndi kuwerenga. Fountains idasanduka imodzi mwa nyumba za amonke zolemera kwambiri mu England. Nsanja yaitali pafupifupi mamita 50 yomwe imaonekera patali idamangidwa ndi mkulu wa amonke Marmaduke Huby cha m'ma 1500, ngakhale kuti malamulo oyambirira a chipanichi ankaletsa nsanja zamiyala pofuna kupewa kudzionetsera. Omwe adathawa chuma ku York akadadzuka, mwina akadanyamukanso.

Zonsezi zidatha mu 1539 pomwe Mfumu Henry VIII, itapatukana ndi mpingo wa Roma, inkatseka nyumba za amonke ndi kulanda chuma chawo. Mtovu wa padenga udakanganulidwa n'kugulitsidwa, ndipo ina mwa miyala idatengedwa kukamangira nyumba ya Fountains Hall chapafupi pomwepo. Chotsala chochititsa chidwi koposa ndi chipinda chachitali mamita pafupifupi 90, chosungiramo katundu, chomwe denga lake lamiyala lokhala pa mizati likadali chilili.

Mabwinjawa adapulumuka mwa zina chifukwa cha manyazi a munthu wandale. John Aislabie, yemwe ankayang'anira chuma cha boma la Britain, adachotsedwa m'nyumba ya malamulo mu 1721 pa mlandu wa ziphuphu wokhudza kugwa kwa kampani ya South Sea. Adabwerera kwawo ku Studley Royal n'kuthera moyo wake akukonza munda wa maiwe, ngalande ndi ziboliboli. Mwana wake William adadzagula mabwinjawo kuti akhale chokongoletsa kumapeto kwa mundawo. Bungwe la UNESCO lidaika malo onsewa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986, ndipo amayang'aniridwa ndi National Trust. Mdani wake lero ndi mtsinje womwewo wa Skell, womwe umasefukira. Mu 2007 madzi adalowa m'mabwinjamo n'kuononga.

Kum'mawa kwa Harrogate, ulendo wa mphindi pafupifupi 10 pasitima, kuli tawuni ya Knaresborough. Linga lake lidamangidwa pamwamba pa phompho loyang'ana mtsinje wa Nidd cha m'ma 1100. Kuno ndiko kudathawira asilikali anayi omwe adapha Arkiepiskopi Thomas Becket m'tchalitchi cha Canterbury mu 1170, poti mmodzi wa iwo, Hugh de Morville, ndiye ankasunga lingali. Pankhondo yapachiweniweni lidali m'manja mwa otsatira mfumu mpaka lidagonja mu 1644, ndipo mu 1648 nyumba ya malamulo idaligwetsa kuti lisadzagwirenso ntchito pankhondo. Zotsala n'zochepa. Chokopa anthu makamaka ndi maonekedwe a chigwa, nyumba zotsetsereka kulinga kumtsinje ndi mlatho wa sitima womwe udamalizidwa mu 1851. Kutsidya kuli phanga la Mother Shipton, mayi yemwe amati ankalosera zam'tsogolo, pamodzi ndi chitsime chomwe madzi ake odontha amakuta zinthu zopachikidwapo mpaka kuuma ngati mwala. Za maulosi n'zambiri zopeka, koma za madziwo n'zoona: ali ndi miyala yosungunuka yochuluka yomwe imakhazikika pa chilichonse. Msika wa tawuniyi umachitika Lachitatu.

Ripon ndi umodzi mwa mizinda yaing'ono kwambiri mu England. Pansi pa tchalitchi chake chachikulu pali kachipinda kamiyala komwe Wilfrid Woyera adamanga mu 672, kakale kuposa chilichonse chooneka pamwamba pake. Usiku uliwonse nthawi ya 9 koloko, mlonda wa mzindawu amaliza lipenga la nyanga pangodya zinayi za chipilala cha pamsika, mwambo womwe eni mzinda amati udayamba mu 886. Kuonera n'kwaulere.

Basi ya nambala 36 yochokera ku Leeds kudzera ku Harrogate mpaka ku Ripon imadutsanso pamudzi wa Ripley, pomwe pali linga lomwe banja la Ingilby lidakhalamo kwa zaka pafupifupi 700. N'nyumba yokhalamo mabwana kusiyana n'kukhala malo ankhondo, ndipo wochepa nthawi atha kuipitirira.

Kumadzulo, pamsewu wa A59 wolowera ku Skipton, kuli Bolton Abbey m'mbali mwa mtsinje wa Wharfe. Ansembe a chipani cha Augustine adakhazikika pano cha m'ma 1154. Nyumbayi itatsekedwa m'nthawi ya Henry VIII, mbali imodzi ya tchalitchi idasiyidwira anthu a m'mudzimo, motero mpaka lero theka lake ndi bwinja pomwe theka linalo amapempheramo Lamulungu lililonse. Kumtunda kwa mtsinjewo kuli malo otchedwa Strid, pomwe madzi onse a Wharfe amapanikizika pampata woti munthu angaganize zoulumpha. Pansi pake ndi pakuya, miyala yake ndi yoterera, ndipo anthu angapo adafera pamenepa.