Lamulo la Cipatala la ku America ndi Anthu a ku Kentucky

Dziko la United States ndi lolemera kopambana, ndipo lili ndi madokotala odziwa zozama, koma munthu wodwala sangolowa m'cipatala ndi kulandira mankhwala monga ticita pa zipatala za Boma kuno kwathu. Zipatala zambiri kumeneko si za Boma, ndipo mtengo wa kugonamo masiku owerengeka ukhoza kumeza ndalama zimene banja linasunga zaka zambiri. Cifukwa ca ici anthu amagula inshuwalansi, ndiko kuti amapereka ndalama mwezi ndi mwezi ku kampani, ndipo tsiku la matenda likafika kampaniyo ndiyo ilipira gawo lalikulu la mtengo.

Mwambo umenewu unakula pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse. Boma linaletsa kukweza malipiro mwacisawawa, tsono makampani pofuna kukopa anchito anayamba kuwalipirira inshuwalansi. Amene anamva za zipatala za migodi ku Nkana kapena ku Luanshya adzazindikira msanga cobvuta cace: cipatala cimatsata nchito, ndipo nchito ikatha cipatala catha. Mu 1945 Pulezidenti Harry Truman anapempha kuti pakhale inshuwalansi ya dziko lonse, koma bungwe la madokotala linatsutsa kolimba, ndipo zinalephereka. Mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo limene linakhazikitsa makonzedwe awiri, Medicare wa okalamba a zaka 65 ndi kuposa, ndi Medicaid wa osauka. Koma Medicaid uja anali wa eni awiri. Boma lalikulu la ku Washington linkapereka gawo la ndalama, ndipo cigawo ciliconse mwa zigawo 50, pokhala ndi Bwanamkubwa wace ndi Nyumba yace ya Malamulo, cinkaonjezapo zace ndi kudziikira malire a olandira. M'zigawo zambiri munthu wamkulu wopanda ana sankaloledwa, cinkana akhale wosauka cotani.

Cigawo ca Kentucky cili ndi anthu oposa 4,000,000. Kum'mawa kwace kuli mapiri a Appalachia, kwa okumba malasha, kumene umphawi unazika mizu kalekale. Johnson mwini anakafika ku Martin County mu April 1964 kukadzionera yekha. Zaka za m'ma 1950 bungwe la anchito a m'migodi linamanga zipatala zace m'mapirimo, koma nchito za malasha zinapita zicepa, ndipo ana a okumba aja anasanduka ogulitsa m'masitolo, ophika m'nyumba zodyera, osamala nkhalamba, nchito zimene kawirikawiri sizibwera ndi inshuwalansi. Pofika mu 2013 anthu ngati 640,000 a m'cigawomo analibe inshuwalansi iliyonse.

Kodi banja lotere linkatani matenda akalowa m'nyumba? Linkadikira. Mai wa matenda a shuga ankagawa mankhwala a mwezi umodzi kuti akwane miyezi iwiri. Bambo wakumva kupweteka pacifuwa ankati mwina kutha kokha. Kunali lamulo la mu 1986 lakuti cipatala cisabweze munthu wofika ali pafupi kufa, koma lamulolo silinati asalipire. Cotero wodwala ankafika matenda atakula, nacira mwina, nabwerera kwao ndi ngongole yoti sadzaitha. Cipatala naco cinkasenza ngongole zosabwezedwa, makamaka zipatala zazing'ono za kumidzi.

Pa 23 March 2010 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lochedwa Affordable Care Act, limene anthu analipatsa dzina lakuti Obamacare. Linaletsa makampani kukana munthu cifukwa ca matenda amene anali nao kale, ndipo linalola ana kukhala pa inshuwalansi ya makolo ao kufikira zaka 26. A malipiro apakati linawalonjeza thandizo la ndalama pogula inshuwalansi. Koma mbali imene inakhudza osauka koposa inali ya kukuza Medicaid, kuti munthu wamkulu aliyense wa malipiro ocepa alowemo, ana akhale nao kapena ai. Mu 2014 malire ace kwa munthu wokhala yekha anali pafupi madola 16,000 pa caka. Ndalamazi zingamveke zambiri kwa inu owerenga, koma kumeneko nyumba ndi cakudya zimazitha mwezi usanafe. Boma lalikulu linalonjeza kulipira mtengo wonse wa olowa atsopanowo kuyambira 2014 kufikira 2016, ndi kutsika pang'onopang'ono kufikira 90 pa 100 mu 2020.

Olemba lamulo anayesa kuti zigawo zonse zidzatsata, koma mlandu unapita ku Bwalo Lalikulu la milandu. Pa 28 June 2012 Bwalo, lotsogoleredwa ndi John Roberts, linasunga lamulolo, komabe linagamula kuti cigawo sicingakakamizidwe kukuza Medicaid. Kuyambira tsiku lomwelo lamulo limodzi linakhala ndi makomo 50, ndipo khomo lililonse linali ndi womgwirira mfungulo wace.

Ku Kentucky mfungulo unali ndi Bwanamkubwa Steve Beshear. Anthu a cigawoco anali atakana Obama pa cisankho ca 2012, ndipo aphungu ao ambiri a ku Washington ankadana nalo lamulolo. Ngakhale zinali tero, mu May 2013 Beshear analengeza kuti adzakuza Medicaid, ndipo pa 1 October caka comweco anatsegula msika wa inshuwalansi wa pa intaneti, wochedwa kynect. Anatumanso anthu m'midzi ndi m'misika kuti athandize osadziwa kulembetsa. Olowa mu Medicaid mwa khomo latsopanoli anaposa 400,000. Monga mwa ciwerengero ca Boma, opanda inshuwalansi anali 14 pa 100 mu 2013, ndipo pofika mu 2015 anatsala 6 pa 100. Ndi zigawo zocepa zimene zinatsika cotero. Ophunzira a ku Harvard, otsogoleredwa ndi Benjamin Sommers, anafanizira osauka a ku Kentucky ndi Arkansas, kumene khomo linatseguka, ndi a ku Texas, kumene linatsekedwa. Anapeza kuti oyambawo anayamba kuonana ndi dokotala matenda asanakule, ndipo olumpha mankhwala cifukwa ca mtengo anacepa.

Panali codabwitsa cimodzi. Pofunsidwa maganizo, anthu ambiri a ku Kentucky ankanyoza Obamacare, koma kynect sankamuda cotero, osazindikira kuti ndi mwana wa lamulo lomwelo. Beshear anacita mwanzeru posankha dzina lomveka la kwao.

Kumwera kwa Kentucky kuli Tennessee, mapiri omwewo, anthu a mtundu womwewo. Kumeneko Bwanamkubwa Bill Haslam anayesa njira yace yochedwa Insure Tennessee, koma aphungu a cigawo anaikana mu February 2015. Apa panaoneka dzenje limene olemba lamulo sanaliganizire. Thandizo logulira inshuwalansi linakonzedwera amene malipiro ao afika pa mlingo wa umphawi wa Boma kapena kuposa, popeza a pansi pace anayenera kulowa mu Medicaid. Tsono wophika wopanda ana wa ku Tennessee, ngati anali wosaukitsa, sanapeze ciliconse ca ziwirizo, pamene mnzace wa nchito yomweyo tsidya lina la malire anali ndi dokotala. Pofika mu 2024 zigawo 10 zinali zisanakuze Medicaid, ndipo Tennessee ndi Texas zinali pakati pa izo.

Otsutsa anali ndi mau ao, ndipo si onse opanda pace. Ankati gawo la cigawo, lingakhale 10 pa 100, lidzalemera olowa akaculuka, ndi kuti munthu wamphamvu ayenera kugwira nchito asanalandire. Matt Bevin, amene anasankhidwa Bwanamkubwa wa Kentucky mu November 2015, anatseka kynect, nakonza kuti akulu amphamvu azionetsa maola 80 pa mwezi a nchito, maphunziro kapena kutumikira mudzi. Woweruza James Boasberg anaimitsa zimenezi mu June 2018 ndiponso mu March 2019. Ku Arkansas, kumene lamulo lotere linayamba kugwira nchito mu 2018, anthu ngati 18,000 anacotsedwa pa miyezi yowerengeka, ndipo ambiri a iwo anagwa pa makalata ocitira umboni, osati pa ulesi. Mu November 2019 Bevin anagonja kwa Andy Beshear, mwana wa Steve, amene anafafaniza lamulo la maola lija mu December, nabwezanso kynect pambuyo pace.

Koma nkhaniyi inabwerera ku Washington. Pa 4 July 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loika maola 80 omwewo pa akulu olowa mwa khomo la 2014 m'zigawo zonse zimene zinakuza Medicaid, Kentucky pamodzi, ndipo zigawozo zinapatsidwa kufikira January 2027 kuti ziyambe kulitsata.