Kudikira Ambuye Khasu Lili m'Manja: Phunziro la ku Tsangano

Mbiri ya Chikristu m'dziko muno ikutiwonetsa njira ziwiri zodikirira kubwera kwa Ambuye, ndipo nkoyenera kuti ife ansembe ndi aseminale tizisiyanitse bwino.

Njira yoyamba ndi yowerengera tsiku. M'chaka cha 1908 Elliot Kamwana, amene adaphunzira za Watch Tower kwa Joseph Booth ku Cape Town, adabwerera kwawo ku Nkhata Bay nalalika kuti maufumu a pansi pano adzatha mu 1914, ndipo msonkho udzathera pomwepo. M'miyezi yochepa adabatiza anthu oposa 9,000. Tisawaseke anthuwa: msonkho udawalemera, ndipo amuna ambiri adali atapita ku migodi ya ku Joni. Boma la atsamunda lidamchotsa m'dziko mu 1909, ndipo adaloledwa kubwerera mu 1937. Chaka cha 1914 chidadzadi ndi nkhondo ndi mtengatenga, 1918 ndi mliri wa fuluwenza. Koma dziko silidathe, ndipo amasiye adafunabe wowalimira munda.

Njira yachiwiri tikuiwona kuno ku Ntcheu. Mu 1901 ansembe a Montfort adafika pa Nzama, patangopita zaka zisanu Inkosi Gomani ataphedwa ndi Azungu. Pakati pa anthu osweka mtima chotero iwo adayamba sukulu ndi katekisimu, ntchito zimene zipatso zake zimadyedwa ndi adzukulu.

Chikhulupiriro chotere chidayesedwa ku Tsangano, dzina lopezeka mbali zonse ziwiri za malire, pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idakula. Kuyambira 1986 anthu a ku Mozambique adathawira kuno mwaunyinji, mpaka chiwerengero chawo m'Malawi monse chidafika cha m'ma 1,000,000. Midzi yotenthedwa, njala, ana otayana ndi makolo: mlaliki wa mantha akadapeza zizindikiro zonse za chimaliziro. Koma ambiri mwa othawawo adalandiridwa m'midzi ya abale awo Angoni, ndipo m'mapiri ozizirawa anthu adapitiriza kubzala kachewere ndi tirigu. Pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Amkhalapakatiwa adapirira zokambirana zaka ziwiri. Akadayesa nkhondoyo chilango chomaliza, sakadavutika chotero.

Eklezia adakumana ndi funsoli kale. Paulo Woyera adadzudzula ena a ku Tesalonika amene adaleka ntchito poganiza kuti tsiku la Ambuye lafika. Roma atafunkhidwa mu 410, Augustino Woyera adakana kuwerengera nthawi ya chimaliziro. Ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, mu Gaudium et Spes ya 1965, udaphunzitsa kuti kuyembekeza dziko latsopano kuyenera kukulitsa changu chathu chosamalira dziko lino.

Sitikana kuti Kristu adzabweranso. Timavomereza zimenezi Lamulungu lililonse. Chimene tikana ndi kusandutsa lonjezo kukhala chiwopsezo. Mkristu akadzatifunsa ngati mliri kapena namondwe ndiye chizindikiro, tisamnyoze, tisamuwonjezerenso mantha. Timkumbutse za makolo ake a ku Tsangano, amene adamva mfuti kutsidya kwa malire, nagawana ufa ndi mlendo, napita kumunda m'mawa mwake.