Malia: mawu a Chimalawi amene anakulira ku Ulaya

Malia anabadwira m'Malawi m'chaka cha 1978, mayi ake Mmalawi, bambo ake mzungu wa ku Britain. Inali nthawi ya Kamuzu Banda. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ya kanema inadzabwera mu 1999, ndipo lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu zoletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Makutu a mwana ankamva zokhazo zimene akuluakulu alola.

Ali mtsikana wachisodzera, banja lawo linasamukira ku London. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mawu a Billie Holiday, Sarah Vaughan ndi Nina Simone, amayi achikuda a ku America amene ankaimba za chikondi, tsankho ndi umphawi. Kwa mwana wa mitundu iwiri, wongofika kumene m'dziko lachilendo, nyimbo zimenezi zinali sukulu yake ya zoimbaimba.

Mwayi wake unatulukira ku New York. Atamva nyimbo ya Liane Foly, woimba wa ku France, anafufuza amene anaikonza, n'kupeza kuti ndi André Manoukian. Anamusakasaka mpaka kumupeza, ndipo awiriwa anatulutsa zimbale zitatu: Yellow Daffodils mu 2002, momwe munamveka lipenga la Erik Truffaz, Echoes of Dreams mu 2004 ndi Young Bones mu 2007. Zimbalezi zinasakaniza jazi, soul ndi pop, ndipo zinamutsegulira makomo ku France ndi ku Germany.

Kenaka anachepetsa zida kuti mawu ake okandapala, a kamkwiyo pang'ono, amveke bwino. Black Orchid, chimbale cha 2012 cholemekeza Nina Simone, chinamupezetsa mphoto ya ECHO Jazz ku Germany mu 2013. Kuimbanso nyimbo za Simone si masewera, pakuti omvera amazidziwa pamtima ndipo sachedwa kuyerekeza. Malia anaziimba mofatsa, osatsanzira mwini wake. Mu 2014 anadabwitsa anthu pogwirizana ndi Boris Blank wa gulu la Yello la ku Switzerland, katswiri wa nyimbo zokonzedwa pa makina. Chimbale chawo chinali Convergence.

Kwawo anakukumbuka poyera mu 2016, patatha zaka 14 chitulutsireni chimbale choyamba. Malawi Blues/Njira, chomwe chinatuluka pansi pa kampani ya MPS, chili ndi nyimbo yotchedwa Chipadzuwa, ndipo dzina la Malawi linaonekera pa chikuto m'masitolo a nyimbo a ku Ulaya. Mu 2018 anajambulanso nyimbo zake zakale m'chimbale cha Ripples, ndipo mu 2020 anatembenukira ku blues ndi The Garden of Eve.

Mbiri yakeyi ikuonetsa kuti luso silikwanira palokha. Malia anakula chifukwa anapeza okonza nyimbo aluso, makampani ojambula ndi malo oimbira amene amalipira woimba. Mtsikana wa mawu ngati ake ku Chifunda, ku Mzimba kapena ku Angónia amathera mu kwaya ya kutchalitchi pamene zinthu zimenezi palibe. Owulutsa mawu a m'Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia ayambe ndi chapafupi: aziika nyimbo za Malia pa wailesi, kuti ana a kuno amve pamene mnzawo anafika.