Mau Aulere, Mpando Wolipira

Mnzanga amene timajambula naye podikasiti ya nthano anabwera tsiku lina ndi pepala la masamu. Kumanzere analembako zimene timaononga mwezi uliwonse: ndalama za intaneti, za basi, ndi ngongole ya maikolofoni imene sitinamalize kubweza. Kumanja, kumene kunayenera kukhala zolowa, kunalibe kanthu. "Aise," anatero, "tibwereke holo, anthu azilipira pakhomo." Ine ndinamuseka. Ndani angalipire kuti amve zimene amamva kale mwaulere pa foni yake? Koma funsolo linandikhala mumtima, ndipo ndinayamba kufufuza mmene anzathu amene anatitsogolera anapezera cakudya pa nchito imeneyi.

Liu lakuti podcasting linaonekera mu nyuzipepala ya The Guardian mu February 2004, m'nkhani ya Ben Hammersley. Mu June 2005 kampani ya Apple inaika mapodikasiti mu iTunes, ndipo anthu wamba anayamba kuwapeza mosabvuta. Kuyambira paciyambi pomwe, omvera anazolowera kusalipira. Ricky Gervais anayamba kulipiritsa pulogalamu yake mu 2006, koma iye anali atachuka kale pa TV cifukwa ca The Office. Munthu wosadziwika analibe mwai wotero. Njira imene inamutsalira inali ya otsatsa malonda, ndipo iwo nthawi zambiri amalipira poona kuti ndi masauzande angati a anthu amene amvera. Ngati omvera ako ndi mazana ocepa, ngakhale akukonde cotani, wotsatsa malonda sakuona.

Nkhani imene inanditsegula maso ndi ya Welcome to Night Vale ya ku America. Joseph Fink ndi Jeffrey Cranor anaiyamba mu June 2012, popanda wailesi kapena kampani yaikulu kumbuyo kwao. Ndi nthano ya tauni yopeka ya m'cipululu, yokambidwa ngati nkhani za pa wailesi ya m'dera, ndi mau a Cecil Baldwin. Inali kutuluka kawiri pa mwezi, ndipo poyamba inadalira zopereka za omvera. Mu July 2013 inafika pa nambala 1 pa iTunes ku America. Omvera anaculuka, koma kuculuka kwao pakokha sikunali malipiro.

Cranor ndi Baldwin anali anthu a masewero a pa siteji, a gulu la New York Neo-Futurists. Motero anacita cimene anali kucidziwa bwino: anakwera pa siteji. Pofika mu 2014 anali kuyenda m'mizinda ya ku America ndipo anafikanso ku Ulaya. Nzeru yao inali apa: sanali kubwereza zigawo zimene anthu anamva kale. Anali kulemba nthano yatsopano ya ulendowo, yoti iwerengedwe pamaso pa anthu, pamodzi ndi woimba. Ulendo ukatha, anali kugulitsa mau ojambulidwa a cionetseroco pa intaneti. Nchito imodzi inali kubala kawiri, ndipo podikasiti yeniyeniyo inakhalabe yaulere.

Nditaganiza bwino, ndinaona kuti njirayi ndi yakale kuposa intaneti. Charles Dickens atapita ku America mu 1842 anadandaula poyera kuti osindikiza a kumeneko anali kusindikiza mabuku ake osamupatsa kalikonse, popeza panalibe lamulo loteteza wolemba wa dziko lina. Mu 1858 anayamba kuwerenga nkhani zake pamaso pa anthu olipira ku London. Atabwerera ku America mu 1867 ndi 1868, anapindula mapaundi pafupifupi 19,000 pa miyezi yocepa. Buku anthu akanatha kulikopera, koma Dickens mwini wake, ataimirira ndi kusintha mau ake kuti akhale munthu uyu ndi uyo, palibe akanamukopera. Apa ndi pamene funso langa linayankhidwa. Wolipira pakhomo sagula nthano ai. Amagula usiku umodzi wokhala m'cipinda cimodzi ndi mwini mau, ndi anthu ena amene amaseka pamene iye amaseka, ataona kuti sanali kumvera yekha.

Koma walira mvula walira matope. Maulendo aja anamudya Dickens. Mu April 1869 anadwala ali ku Preston ndipo madokotala anamuletsa kupitiriza. Anawerenga komaliza mu March 1870, ndi kumwalira mu June caka comweco ali ndi zaka 58. Ndalama ya pa siteji imafuna thupi lako likhalepo. Ukadwala, palibe colowa. Ndiponso imatuluka isanalowe: holo, zokuzira mau, mayendedwe ndi malo ogona zimalipiridwa tikiti isanagulidwe ngakhale imodzi. Caka ca 2020 cinaonetsa kuopsa kwina. Mliri wa COVID-19 utatseka maholo, ulendo wa Night Vale unaimitsidwa, monga mmene zinalili ndi ena ambiri. Amene anali ndi mwendo waciwiri, monga omvera opereka mwezi ndi mwezi kudzera pa Patreon imene inayamba mu 2013, anali ndi poponda.

Ngakhale zinatero, maholo atatsegulidwa anthu anabwerera. Kuno kum'mwera kwa Africa taziona ndi maso. Podcast and Chill ya MacG, imene inayamba mu 2018 ku South Africa, inasonkhanitsa khamu mu SunBet Arena ku Pretoria mu 2023. Koma cimene ndinaona pa onsewa ndi dongosolo la zinthu. Dickens anali atalemba kwa zaka zoposa 20 asanagulitse tikiti yoyamba. MacG anajambula zaka 5 asanalowe m'bwalo lalikulu lija. Siteji sinawapezere omvera. Inangokolola zimene nchito yaulere ija inabzala.

Ndinabwerera kwa mnzanga ndi pepala lake lija. Tinagwirizana kuti holo sitibwereka, cifukwa mipando yopanda anthu ingatisiyire ngongole yaciwiri. Tapempha cipinda ca mipando 40, ndipo matikiti tigulitsa pasadakhale pa foni, kuti tidziwe ciwerengero tisanalipire kalikonse. Ndalemba nthano yatsopano imene sidzamveka pa podikasiti mpaka amene alipira ataimva coyamba.

Mantha ndili nao. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulankhula ndi maikolofoni m'cipinda cotseka, ndipo ndikalakwitsa timadula ndi kuyambiranso. Usiku umenewo sipadzakhala kudula. Ndidzaona nkhope za anthu amene ndimawadziwa ngati manambala cabe, ndipo iwo adzaona ngati mwini mau aja ndi woyenera ndalama imene asiya pakhomo. Dzulo mnzanga wanditumira uthenga kuti mipando 11 yagulidwa kale. Ndatenga pepala lija ndi kulemba nambalayo kumanja.