Aphunzitsi a ku West Virginia anayesa njila zonse ziŵili

Anzanga, ife acinyamata nkhani ya penshoni timaiona monga ya agogo. Koma lelo ndifuna ndikutengeni ku America, ku cigawo ca West Virginia, kumene nkhaniyi inavutitsa aphunzitsi a m'masukulu a boma kwa zaka 17.

Ku America cigawo ciliconse cili ndi boma lake, ndipo ndilo limakonza penshoni ya anchito ake. Njila zikuluzikulu ni ziŵili. Pa yoyamba, boma limalonjeza kukulipila mwezi ndi mwezi mpaka imfa, molingana ndi malipilo ako ndi zaka zimene unaseŵenza. Pa yaciŵili, iwe ndi boma mumaponya ndalama mu akaunti yako, ndipo umasankha wekha poziika pa msika wa masheya. Zikabala ni zako, zikagwa ni zakonso.

West Virginia inali pa njila yoyamba, koma kwa zaka zambili opanga malamulo sanali kuika ndalama zokwanila m'thumba la aphunzitsi. Nkhongole itakula, mu 1991 anatsekela aphunzitsi atsopano thumbalo, n'kuwatsegulila maakaunti. Ocilikiza njilayi anali kukamba kuti boma lileka kuwonjezela nkhongole, komanso munthu wosiya nchito adzanyamula zake. Otsutsa anali kufunsa kuti mphunzitsi wa ana aang'ono adziŵa bwanji za masheya.

Nkhongole yakale sinathe, pakuti amene analonjezedwa kale anafunikabe kulipilidwa. Nawonso aphunzitsi ambili a maakaunti, atayandikila kupuma, anapeza kuti zimene anasunga sizingawafikitse patali. Mu 2005, pa ulamulilo wa bwanamkubwa Joe Manchin, olembedwa nchito atsopano anabwezedwa ku thumba lakale. Mu 2007 cigawoci cinathilamo madola 807 miliyoni ocokela pa cipepeso ca makampani a fodya. Mu 2008 a maakaunti anapatsidwa mwayi wosankha, ndipo oposa 78 pa 100 alionse anabwelela ku njila ya lonjezo.

Mkangano sunathele pamenepo ku America konse. Cigawo ca Michigan cinaika anchito ake atsopano pa maakaunti mu 1997, Alaska nayo mu 2006.

Cimene ndatolapo ine ni ici: pansi pa mkangano wonsewu pali funso limodzi. Ndalama zikapeleŵela, adzalila ndani? Pa maakaunti amalila ni wanchito. Pa lonjezo katundu amagwela boma ndi okhoma msonkho, ndipo lonjezolo limalimba kokha ngati boma liponya gawo lake caka ciliconse.

Kuno kwathu funsoli linatigogodela mu 2023, pamene lamulo linalola mamembala a NAPSA oyenelela kutapako 20 pa 100 ya zimene anasonkha asanapume. Inunso mukadzagwila peyisilipi yanu yoyamba, yang'anani mzele wa penshoni, mufunse kuti zinthu zikadzavuta, adzasenza ndani.