"Ndimatha" ndi "Timangoyesako"

Kale, m'boma la Machinga, limene linkatchedwapo Kasupe, Balaka asanapatuke kukhala boma palokha mu 1998, mmisiri wosema mabwato m'mbali mwa Shire kapena ku nyanja ya Chiuta sankatchula luso lake ndi pakamwa pake. Ukamuyamikira, ankazyolika nanena kuti, "Timangoyesako, bambo," chikhalirecho iyeyo, pogogoda nthiti za bwato ndi msana wa kasemasema, ankadziwa ndi khutu lokha pamene mtengo wapyapyala ndi pamene pafunika kusemanso. Mnyamata wophunzira sankadziweruza yekha. Ankamuweruza ndi madzi, pakuti bwato lopendekeka silibisika pamaso pa mudzi.

Koma njanji yochokera ku Blantyre itadutsa pa Balaka n'kufika ku Salima mu 1935, ndipo bungwe la Wenela litayamba kusonkhanitsa amuna opita ku migodi ya ku Joni, kudadza funso limene makolo athu sankafunsana: "Kodi umatha ntchito?" Munthu amene msonkho wamupanikiza, ndipo njala ya 1949 yamulanda ana, akadayankha bwanji? Ankati "Ndimatha," ngakhale asanagwirepo sipanala chibadwire. Ndipo ine sindingamutche wabodza, pakuti amene ankalankhula m'kati mwake ndi mimba. Chondimvetsa chisoni n'chakuti waluso weniweni, amene adaleredwa m'mwambo wa kudzichepetsa, kawirikawiri ankaima kumbuyo kwa mzere, nalola wamkamwa kutenga malo ake.

Eni migodi, poona kuti mawu a munthu sasonyeza dzanja lake, adayamba kuyesa anthu ndi mayeso amene katswiri wa zamaganizo Simon Biesheuvel ndi anzake adakonza ku South Africa, kuti apeze woyenera kuyendetsa makina ndi woyenera ukapitawo. Monga anena akulu, kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Kuno kwathu mayeso a umisiri, a giredi 3, 2 ndi 1, adachita chimodzimodzi, ndipo bungwe loona za maphunziro a umisiri la TEVETA lidadza mu 1999.

Komabe mawu awiri aja sadafe. Pa Liwonde, pamene njanji ya ku Nacala ya mu 1970 imawoloka Shire, mudzapezabe mnyamata wonyamula setifiketi m'envulopu akuti palibe injini yomukanika, pamene bambo wa imvi, amene wangoiutsa injiniyo poimvera kulira kwake, akupukuta manja pa chisanza, nati, "Aa, timangoyesako."