Kakombo wa m'madambo a Dowa ndi Ntchisi

Aliyense amene anayendako m'madambo a m'tsinde mwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi akumudziwa kakombo. Masamba ake ndi obulungira ngati mbale, amayandama pamadzi odikha, ndipo duwa lake limatseguka m'mawa n'kutseka dzuwa likapendeka. Akatswiri a zomera amamutcha Nymphaea nouchali. Lero ndati tione mbiri yake, abale anga, chifukwa muli phunziro lokhudza moyo wa ana athu.

Makolo athu ankamudalira kakombo pawiri. Poyamba, muzu wake wonenepa uja ndi chakudya cha pa njala. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa amautcha nyika, ndipo wapulumutsa mabanja ambiri chimanga chikakanika. Kachiwiri, ndi mankhwala. Kwathu ku Dowa ndinkaona agogo anga akuwiritsa muzuwu kuti amwetse munthu wotsegula m'mimba. Asing'anga a ku India nawonso akhala akuugwiritsa ntchito yomweyi kwa zaka mazanamazana. Ku Egypt duwa lake linkalemekezedwa zedi, moti manda a mfumu Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza m'chaka cha 1922, munali maluwa a kakombo.

Nanga bwanji nzeru zotere sizinalembedwe msanga kuno kwathu? Amishoni a Dutch Reformed Church atakhazikika pa Mvera mu 1889 ndi pa Kongwe mu 1894, mkhristu wopita kwa sing'anga ankaonedwa ngati wabwerera m'mbuyo. Kenaka mu 1911 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa mwavi ndi kuloza mfiti. Lamulolo silinaletse zitsamba ayi, koma odziwa mitengo anayamba kuchita zinthu mobisa, poopa kuti angawaphatikize ndi oombeza. Nzeru zambiri zinapita kumanda ndi eni ake.

Zinthu zinasinthako mu 1938 pamene gulu la Dr B.S. Platt linafika kudzafufuza za kadyedwe ka anthu m'boma la Kota Kota, lomwe nthawi imeneyo linkaphatikiza Ntchisi. M'gululo munali mayi Jessie Barker, amene pambuyo pake anadziwika kuti Jessie Williamson. Mayiyu ankafunsa amayi a m'midzi maina a ndiwo, mizu ndi zipatso, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Choncho zina mwa zimene dziko limawerenga zokhudza zomera za Malawi zinachokera pakamwa pa amayi a kumapiri kwathu konkuno.

Tsono sayansi ikuti chiyani? Muzu wa kakombo uli ndi michere yowawasa yotchedwa tannin, yonga imene imamveka mu tiyi wowirira, yomwe imathina m'matumbo. Apa agogo sanalote ayi, anaona bwino. Mu 2009 akatswiri a ku Chennai, m'dziko la India, anatulutsa m'maluwa ake mankhwala otchedwa nymphayol, ndipo anatsitsa shuga m'magazi a makoswe odwala. Koma makoswe si anthu, ndipo zoyeserazi zinachitikira m'labotale basi. Munthu akakuuzani pamsika kuti kakombo amachiza matenda a shuga ndipo mutaye mapilisi a kuchipatala, ameneyo akufuna ndalama zanu. Chimodzimodzi mwana wotsegula m'mimba: chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndiye choyamba ndi Thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala.

Pali chinanso chimene makolo sakanatha kuchiona ndi maso. Kunsi kwa masamba okongola aja kumakhala tinkhono totchedwa Bulinus, tomwe timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti anatizindikira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo mu 1851. Timachoka mu nkhono n'kuboola khungu la munthu amene walowa m'madzimo. Eti, munthu kupita kukakumba mankhwala a m'mimba, n'kubwerako ndi nthenda yokodza magazi! Kale ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi ndithu, imeneyo ndi nthenda, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo m'zipatala.

Chondipatsa chilimbikitso n'chakuti sayansi ndi zitsamba zinagwirapo ntchito limodzi kuno kwathu. M'zaka za m'ma 1980, Jerome Msonthi wa ku Chancellor College ndi Kurt Hostettmann wa ku Lausanne ankayesa zomera za m'Malawi pofuna kupeza zimene zingaphe nkhono za likodzo. Njira yake ndi imeneyo: kufunsa akulu, kenaka kuyesa. Pajatu safunsa anadya phula.

Madambo ambiri lero asanduka madimba a tomato ndi kabichi, ndipo okalamba odziwa mizu akuchepa chaka ndi chaka. Ine pempho langa n'lakuti aphunzitsi ndi ana asukulu a ku Dowa ndi Ntchisi akhale pansi ndi agogo awo, alembe dzina la chomera, malo ake ndi kaphikidwe kake, atumize ku National Herbarium ku Zomba. Akatswiri athu ayese zimenezo, ndipo adzatiuze zotsatira zake m'Chichewa chomveka, zokoma ndi zowawa zomwe.